Koreya ndi bomba ya madzi, orijinali kapena zinazi? Mmene ndinachitira ndi ka RAV4 kanga

Kagalimoto kanga ndi ka RAV4 kakale aka ka 1998, ka zitseko zisanu, injini yake 3S-FE, ndinakagula kwa munthu wina ku Moatize yemwe nayenso anachita kuitanitsa ku Japan. Ndimakhala ku Ulongwe ndipo kameneka ndiye miyendo yanga, mbatata ya kachewere ndimanyamulira komweka, mwana akadwala usiku ndi komweka, ulendo wa ku Tete ndi komweka. Nde nkhani ya koreya, lamba wa mano uja wa mkati mwa injini, ndi bomba ya madzi, pampu yomwe imayendetsa madzi ozizitsa injini, sindikukamba zomva kwa ena ayi, yandidyera ndalama kawiri.

Koyamba chinali chaka chatha. Bomba inayamba kudontha, ine ndinangolowa mu shopu ina ya masipeya nkugula yomwe anandipatsa, bokosi lake lolembedwa Toyota bwinobwino koma mtengo wotsika kwambiri moti ndinatuluka ndikusangalala. Tinasintha bomba yokha, koreya tinabwezera yakale yomwe ija poti maso amati ikadali bwino. Miyezi isanu ndi itatu yokha basi. Mu Okutobala ndikuchokera ku Tete, inu mukudziwa mmene kumatenthera kumusi kuja nthawi imeneyo, madigiri 40 amapitirira, nditadutsa Moatize nkuyamba kukwera kulowera ku Mussacama ndinaona singano ya kutentha yasuntha pomwe imakhala masiku onse. Ndinaima, kusuzumira pansi, madzi akudontha mbali ya kumanja kufupi ndi teyala lakutsogolo. Ndinafika kunyumba usiku ndikuyenda pang'onopang'ono, kuima, kudikira izizire, kuthira madzi, kuyendanso, ndipo pakati pa Tete ndi Ulongwe pali makilomita opitirira 200.

Mmawa mwake ndinapita nako ku ofisina kwa a mesitiri omwe amandikonzera, bambo achikulire ndithu. Anamasula chivindikiro chapamwamba cha pulasitiki chija, kuwalitsa tochi, nkundiitana.

"Bwerani achimwene mudzaone nokha, ndisakuuzeni ine."

Koreya inali yonyowa, kumsana kwake timing'alu ting'onoting'ono, ndipo pansi pa bomba panali zoyerayera zouma ngati mchere pomwe madzi amatulukira. Pa bomba pamakhala kabowo kakang'ono komwe anakaika dala, silo yamkati, chotchinga chija choletsa kudontha, ikatha madzi amayamba kutulukira pamenepo, ndiye chizindikiro chake. Anagwira pule ya bomba nkuigwedeza, imachita kusewera. Apa mpomwe anandifotokozera chomwe ndinkayenera kumvetsa kale, kuti pa injini imeneyi koreya yomwe imazunguza kamshafuti ndi yomweyo imazunguza bomba ya madzi ndi bomba ya oyilo. Nde bering'i ya bomba ikagwira kapena kumasuka imatha kutaya koreya kapena kuidula ngakhale koreyayo ikhale yatsopano yodula bwanji. Zinthu ziwirizi moyo wake ndi umodzi.

Pa chivindikiro paja panalinso sitika yakale ya ku Japan, yofufutika, yolembedwa H22 ndi makilomita 98,000. Anthu ambiri sitika imeneyi sitiiwerenga. H ameneyu ndi kawerengedwe ka zaka ka ku Japan, mumangophatikiza 1988, nde H22 ndi 2010. Galimoto inali itadutsa pa 200,000, kutanthauza kuti koreya ija inali itagwira ntchito zaka zoposa khumi komanso itapyola 100,000 yomwe imayenera kusinthidwira. Mphira umakalamba ngakhale galimoto itangoima, si makilomita okha.

Mwayi wake 3S-FE ndi injini yoti koreya ikaduka mapisitoni samenya mavavu, imangozima basi. Koma musatengere zimenezi pa galimoto iliyonse. Ma Hilux ndi ma Hiace a dizilo aja koreya ikaduka ikuyenda mavavu amapindika, nkhani imasanduka yotsegula injini. Ndipo ngakhale kwa ine, kuzimira galimoto pa msewu usiku uli ndi ana si chinthu chaching'ono, komanso bomba ikasiya kuyendetsa madzi injini imatentha, hedi yake ndi ya aluminiyamu imatha kupindika. Omwe muli ndi ma Probox ndi ma Vitz a injini ya 1NZ inu muli ndi tcheni osati koreya, nkhani iyi siikukhudzani kwenikweni.

A mesitiri anandilembera pa kapepala zoti ndikagule, koreya, bomba pamodzi ndi gasiketi ndi O-ring yake, ma pule awiri omwe koreya imadutsapo, limodzi mwa awiriwo ndi lomangitsa lija lili ndi kasipuling'i, ma silo a oyilo atatu, wa kamshafuti, wa kirankishafuti ndi wa bomba ya oyilo, temositati, ndi madzi ofiira a mu radiyeta. Ndinadandaula kuti a mesitiri zachulukatu izi, iwo anati kuti tifike pa bomba tiyenera kuchotsa teyala, kuikira injini jeke, kumasula mawunting'i ya kumanja, kumasula bawuti ya pule yaikulu ija yomwe imalimba koopsa, nde mukufuna tidzachitenso zonsezi chifukwa cha silo imodzi? Zinali zoona. Ndalama yaikulu pa ntchito imeneyi ndi yotsegula, ndipo ine ndinali nditalipira kale kamodzi pachabe.

Tsopano kusankha komwe. Ine ndinkaganiza kuti zinthu zilipo ziwiri, orijinali ndi pirata, umu ndi mmene timalankhulira tonse kuno. Koma nditayamba kufunsafunsa ndinapeza kuti zili patatu, mwinanso panayi.

Pali za Toyota zenizeni zogula kwa ajenti. Izi palibe chokayikitsa, umapereka nambala ya chasisi iwo amayang'ana pa kompyuta nkukupatsa chenicheni cha galimoto yako. Ndinafunsa mtengo, bomba yokha inali pafupifupi kuwirikiza kawiri ya gulu lachiwiri lomwe ndikambe pansipa, komanso poti galimoto ndi yakale zina zimafunika kuitanitsa nkudikira, pomwe ine galimoto ili pa jeke.

Kenako pali zomwe amapanga makampani omwewo amene amapangira Toyota, koma zili m'bokosi la dzina lawo. Apa mpomwe maso anga anatseguka. Toyota sapanga yekha kanthu kalikonse mu galimoto. Mabomba a madzi ambiri a Toyota amapangidwa ndi Aisin, kampani ya m'gulu la Toyota lomwelo, ma bering'i ambiri ndi a Koyo kapena NSK, ma silo ndi a NOK, makoreya kuli Mitsuboshi, kuli Gates. Ndinakatenga bomba yoyambirira yomwe inabwera ndi galimoto, inali ikadali kuseri kwa nyumba pa mulu wa zitsulo, nditaipukuta ndinapeza mawu oti AISIN osindikizidwa pa chitsulo pomwepo. Bomba imeneyo inagwira ntchito zaka zambirimbiri, yotchipa ija miyezi isanu ndi itatu.

Pali zinanso za makampani odziwika omwe sanamize munthu, monga GMB, amalemba dzina lawo poyera ndipo mtengo uli pakatikati. Izi sindizitcha pirata ine, anzanga ena oyendetsa ma shapa, maminibasi onyamula anthu aja, amagwiritsa ntchito zimenezi. Pirata weniweni ndi uja wovala bokosi la Toyota koma mkati muli chinthu choti sudziwa anapanga ndani. Ndipo ndi amene amatipweteka kwambiri chifukwa umatuluka mu shopu ukudziwa kuti wagula orijinali, sukayikiranso kanthu. Bola chinthu chopanda dzina chomwe akuuza poyera kuti ichi nchotchipa, umadziwa chomwe wanyamula.

Kuno ku Ulongwe seti yonse sindinaipeze. Ena anandiuza kuti ndingodutsa pa Calomue, pa malire ndi Malawi, Dedza ndi pafupi, Lilongwe naponso si patali ndipo masipeya a Toyota ndi ambiri. Ndinaganizira ndithu, koma ndinawerengera zosintha meticais kupita ku kwacha, za pa alifandega, a kasitomu aja, pobwera, komanso choti chinthu chikapezeka cholakwika kubweza kwake nkuwolokanso malire. Ndinasankha Tete. Ndinajambula livireti, chikalata cha galimoto chija, pomwe pali nambala ya chasisi, yanga imayamba ndi SXA11, nkutumiza pa WhatsApp ku mashopu atatu, ndinawauza kuti anditumizire zithunzi za chinthucho chili kunja kwa bokosi, osati bokosi lokha. Imodzi inangotumiza bokosi nkumati bwana ndi orijinali musadandaule, imeneyo ndinaisiya pompo.

Ndinakwera shapa mbandakucha nditanyamula bomba ziwiri zakale mu saka, ya Aisin ija ndi yonama ija, pamodzi ndi koreya yakale. Ichi ndikulimbikitsa aliyense, nyamulani chakale. Pa kauntala ndinaziyala zonse. Ya Aisin yatsopano inali yofanana ndi yoyambirira ija kulikonse, mabowo a mabawuti, kulemera m'manja, chitsulo chosalala, dzina losindikizidwa pa thupi osati pa kapepala komata. Ukazunguza shafuti imayenda mogwira pang'ono koma mosalala, osamveka ngati muli mchenga. Yonama ija nditaiika pambali pake mpomwe ndinaona kuti inali yopepuka, m'mphepete mwake mokalakala, popanda dzina lililonse pa chitsulo. Chaka chatha sindinaone zonsezi chifukwa ndinalibe choyerekezera.

Koreya ndinawerenga mano ake limodzi limodzi ndi yakale, kuyeza mulifupi, kuona ngati mano ali ofanana kaumbidwe. Mnyamata wa mu shopu anafuna kuipinda kuti andionetse kulimba, ndinamuletsa, a mesitiri anali atandichenjeza kale kuti mkati mwa koreya muli timaulusi tomwe timathyoka ukaipinda kwambiri ndipo kunja suona kanthu. Ndinayang'ananso ngati siinakhalitse pa shelefu, yomwe yakhala padzuwa la ku Tete nthawi yaitali mphira wake umauma.

Nde chomwe ndinachita ndi ichi. Bomba ndinatenga Aisin, koreya Mitsuboshi, ma pule a Koyo. Ma silo ndi temositati ndinakagula a Toyota enieni kwa ajenti, chifukwa ndi tinthu tating'ono kusiyana kwa mtengo sikopweteka, ndipo silo ya oyilo ikadontha imanyowetsa koreya yatsopano nkuionongeratu. Temositati yake ndi ya madigiri 82. Pomwe ndinapulumutsa ndalama ndi pa malamba akunja a alitaneta ndi pawa sitiyering'i, amenewo ndinagula apakatikati chifukwa amaoneka ndi maso ukatsegula boneti ndipo kusintha kwake nkosavuta. Maganizo anga ndi oti chomwe chili mkati mobisika musachitchipitse, chakunja mutha kunyengerera. Ndinapempha risiti yolembedwa dzina la chinthu chilichonse ndi nambala yake, ndinalipira pa M-Pesa kuti pakhalenso umboni wina.

Mayi a kunyumba atamva mtengo wonse anakhala kaye chete, poti inali ndalama yomwe tinkasungira feteleza. Ndinawaonetsa bomba ziwiri zija, nkuwakumbutsa usiku uja ndinafika mochedwa. Anangoti, "Bola isakhale kachitatu bambo." Tinagwirizana kuchotsa matumba awiri a mbatata omwe tinkasunga kuti mtengo ukwere.

Tsiku lomanga ndinakhala pa ofisina kuyambira mmawa mpaka madzulo, osati chifukwa chowakayikira a mesitiri koma ndinkafuna kuona. Anapala bwinobwino pomwe bomba imakhala kuti pasatsale gasiketi yakale, sanapake silikoni wambiri ngati mmene ena amachitira, anati wochuluka amafinyikira mkati nkukatseka timachubu ta radiyeta. Anaika ma silo, ma pule, nkulunjikitsa zizindikiro za kirankishafuti ndi kamshafuti, kuveka koreya, kumasula pule yomangitsa kuti kasipuling'i kakoke kokha. Kenako anazunguza injini ndi dzanja maulendo awiri athunthu nkuonanso ngati zizindikiro zabwerera pamalo pake, asanalize nkomwe. Dzino limodzi lokha likalumpha galimoto imalira koma mphamvu sikhala nayo. Kasipuling'i kaja tinaika katsopano, kakale kanali katatamuka.

Pa madzi ndiye tinakanganako pang'ono ndi mnyamata wawo yemwe anabwera ndi chigubu cha madzi a pa mjigo. A mesitiri anamubweza. Madzi a pa mjigo okha amachititsa dzimbiri ndipo amasiya zoyera mkati, zomwezo zimadya silo ya bomba, mwina nanenso ndinathandizira kupha bomba ija pothira madzi wamba nthawi yonseyo. Tinatsuka radiyeta mpaka madzi kutuluka oyera, nkuthira ofiira aja osakaniza ndi madzi a batire osungunula aja opanda mchere. Analiza injini chivindikiro cha radiyeta chili chotsegula, hita ali wotsegula, kudikira mpweya utuluke mpaka fani italira nkuzima kawiri, kenako kuonjezera.

Tisanatseke boneti ndinatenga penti yoyera nkulemba pa chivindikiro cha koreya tsiku ndi makilomita, pambali pa sitika ya ku Japan ija, ndinalembanso mu kabuku komwe ndimasunga mu galimoto pamodzi ndi marisiti. Sabata yoyamba mmawa uliwonse ndinkaika katoni pansi pa injini kuona ngati padontha kanthu, ndinkayang'ananso mulingo wa madzi injini ili yozizira, tsiku lachiwiri anatsika pang'ono ndinaonjezera, kuchokera apo sanasunthenso. Sabata yachitatu ndinatsikira ku Tete ndi katundu, pobwera ndinakwera mtunda wa ku Mussacama masana dzuwa lili pamutu, singano inakhala pakati mpaka ku Ulongwe. Bomba yonama ija ndinaisiya ku ofisina, a mesitiri anaipachika pa msomali pafupi ndi ya Aisin yakale ija kuti aziwagwiritsa m'manja anthu obwera kudzafunsa zoti akagule iti.