Land Rover Series Ikamanjenjemera Kunsi, Yambani ndi Propshaft

Kunjenjemera kwa propshaft (shafiti ya kunsi yotenga mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku difu; Series ili ndi ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo) kumatsata liwiro la galimoto, osati la injini. Tsimikizani zimenezi pamsewu musanalowe kunsi. Thamangani mpaka pamene kumayambira, kenako pondani kilachi, injini itsike. Kukasiya, kafufuzeni injini ndi marabala ake. Kukapitirira, vuto latsala pakati pa matayala ndi shafiti.

Ziwirizi zimamveka mosiyana. Difu ya Series zambiri ndi ya 4.7 kwa 1, kutanthauza kuti tayala likazungulira kamodzi, shafiti yazungulira pafupifupi kasanu. Pa matayala a 7.50x16, liwiro la makilomita 80 pa ola limazunguliza shafiti maulendo pafupifupi 2,500 pa mphindi. N'chifukwa chake tayala limagwedeza chiwongolero moonekeratu, pomwe shafiti imangoti nguuu pansi pa mpando, mapazi n'kuchita dzanzi, galasi loonera kumbuyo n'kumaoneka mbuu.

Ubwino wa Series ndi wakuti imatha kuyenda ndi shafiti imodzi. Chotsani yakumbuyo, dinani kandodo kachikasu kuti matayala akutsogolo akoke, muyende pang'ono pamsewu womwewo. Kunjenjemera kukatha, mwaipeza. Kukatsala, bwezerani yakumbuyo muchotse yakutsogolo, chifukwa nayonso imazungulira nthawi zonse ngati galimoto ilibe ma freewheeling hub, amene amalekanitsa matayala akutsogolo ndi difu yake. Chenjerani pamenepa: handibuleki ya galimotoyi imagwira dramu ya kuseri kwa transfer box (bokosi logawa mphamvu ku mashafiti awiriwo), siigwira matayala. Mukangomasula shafiti, galimoto ikhoza kukunkhulika inu muli kunsi. Tsekerani matayala ndi miyala kapena matabwa. Manati a shafiti ndi a sipanala ya 9/16, anayi mbali iliyonse, ndipo lembani chizindikiro pa mafulanji, pamene shafiti imamangidwira, musanamasule.

Cross, kachitsulo kooneka ngati mtanda kamene kamalola shafiti kupindika kumapeto kwake, ikatha imadziulula yokha. Ikani giya pa nyutilo, gwirani shafiti ndi manja awiri, ipotozeni uku ndi uku, kenako ikankheni m'mwamba ndi pansi. Pasamveke khwekhwe ngakhale pang'ono. Fumbi lofiira la dzimbiri kuzungulira makapu limasonyeza kuti timasingano ta m'kati tauma ndipo tikudyana. Koma pali ina yopusitsa: cross yogwira dzimbiri mpaka kuuma gwa siigwedera konse. Imeneyo mumaizindikira shafiti ili pansi, mukamaipinda ndi dzanja n'kumva ikukakamira penapake.

Posintha, chotsani ma circlip (timphete totsekera makapu), kankhani makapu pa vayisi ndi masoketi awiri, yaing'ono yokankha ndi yaikulu yolandira. Poika yatsopano, matani timasingano ndi girisi kuti tisagwe. Kapu ikakana kulowa mpaka pa mzere wa circlip, musaimenye ndi hamala. Kasingano kamodzi kagona pansi, ndipo mukakakamiza mwaphwanya cross yatsopano. Mukamaliza, gogodani yoke (mphanda yogwira cross) pang'ono kuti imasuke, ndipo popani girisi mpaka atuluke m'makapu onse anayi. Atatu okha sikokwanira.

Chimene chimasowetsa anthu mtendere kwambiri ndi galimoto imene yayamba kunjenjemera itangochoka kumene kugalaji, macross onse ali atsopano. Kawirikawiri wina anasolola shafiti pa slip joint (pamene zigawo zake ziwiri zimalowana ndi mano) n'kuibwezera atalumphitsa mano. Cross ikamagwira ntchito chopendekeka, imathamanga ndi kuchedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse, ndipo cross ya mbali inayo ndiyo imafafaniza zimenezo. Zimatheka pokhapokha ma yoke a mbali zonse ali pa mzere umodzi. Fufutani matope muone ngati pali timivi tiwiri, tiyenera kulozana. Muli pomwepo, gwedezani slip joint cham'mbali: mano akadyeka palibe girisi amene angawabwezere. Komanso musaidzaze girisi mpaka kulephera kulowa.

Kapendekedwe nakonso n'kofunika, makamaka pa Series yaifupi ya mainchesi 88 imene shafiti yake yakumbuyo ndi yaifupi. Fulanji ya transfer box ndi ya difu zisasiyane kupitirira digiri imodzi. Marabala a giyabokosi akaphwa, kapena wina akaika ma shackle (zitsulo zokolekera masipuling'i) aatali kuti galimoto ikwere, zimenezi zimasokonekera. Chizindikiro chake n'chakuti imanjenjemera mukaponda mafuta, mukasiya n'kukhala bwino. Foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera kupendekeka imakwanira. Ikani marabala atsopano kaye musanaganize za ma wedge pansi pa masipuling'i.

Gwedezaninso fulanji ya difu ndi dramu ya handibuleki. Nati yomasuka ya pinion (giya yolowera mu difu) kapena beringi yotha imanamizira shafiti yosalakwa.

Chotsala ndi chubu chenicheni. Kwezani galimoto pa ma stand, gwirizitsani choko pafupi ndi pakati pa shafiti, wina azungulitse tayala. Choko chikalemba mbali imodzi yokha, yapindika. Ndi dial gauge (chida choyezera kupindika), kupitirira theka la milimita n'kwambiri, ipite kwa a lathe kapena isinthidwe. Ikakhala yowongoka koma kachitsulo ka balansi kanathothoka, mangani hose clamp imodzi chakudifu. Lembani malo anayi kuzungulira chubu, muyese mutu wa clamp pamalo alionse pamsewu. Pamene payenda bwino onjezerani yachiwiri, ndipo ikalemera muzitalikitsa mitu iwiriyo pang'onopang'ono mofanana mpaka galasi loonera kumbuyo lija liyere. Pomanga komaliza ikani manati atsopano a nyloc, akale amamasuka okha.