Lachinayi ndi chilaputopu changa

Ndadzuka 5 koloko isanakwane, kunja kuli nkhungu yoti nyumba ya aneba osaiona. Juni wa ku Mzuzu alibe nthabwala. Ndayatsa laputopu zala zili gwa, koma patangopita mphindi khumi ndinali nditayamba kale kuwotha mpweya wotentha wotuluka m'mbali mwake. M'Chibavi monse muno palibe mbaula yodula kuposa imeneyi.

Ntchito ya lero inali kumaliza vidiyo ya ukwati umene ndinajambula Loweruka ku Luwinga. Eni ake aimba kale kawiri. Anthu akaona kiyibodi yowala mitundumitundu amangoti ndi choseweretsa, ndipo azakhali anga tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Ndalama zonsezija mwagulira magemu?" Ndinalephera kuwafotokozera kuti kachipangizo ka zithunzi kali m'katimo, RTX 3060 ya NVIDIA yokhala ndi 6 GB yakeyake, ndi kamene kamathamangitsa gemu, ndiponso ndi komweko kamene kamapangitsa DaVinci Resolve, pulogalamu yokonzera mavidiyo, kutafuna vidiyo ya 4K osatsamwa. Laputopu yanga yakale ndinkaisiya usiku wonse, m'mawa n'kupeza isanamalize. Lendi ya nyumba ino ikuchokera m'choseweretsa chomwecho.

Cha m'ma 9, vidiyo ili pa 70 peresenti, magetsi phethi, azima.

Apa ndiye pamene makinawa amaonetsa khalidwe lawo lenileni. Dzina lokha ndi laputopu, koma moyo wake uli pakhoma. Chaja yake ndi ya 230W, ndipo batire silingapereke mphamvu yochuluka choncho, ndiye ukangoizula imadzichepetsa yokha liwiro. Zimene zimati zitha m'mphindi 20 zinayamba kunena ola ndi theka, pamene batire pa ntchito yolemera chonchi silifika n'komwe ola. Ndinaimitsa zonse, n'kulongedza.

Kunyamula kwakenso ndi nkhani. Yokha imalemera makilo awiri ndi theka, kuwonjezera chaja chonga njerwa, mbewa ndi hadi disiki. Wakabaza atandithandiza kukweza chikwama anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, mwanyamula simenti kapena?" Pachitunda anachita kutsika n'kumakankha, ine n'kumayenda pambali ndi manyazi.

Mnzanga ali ndi kashopu kosindikizira mapepala kufupi ndi msika wa Taifa, ndipo anaika sola. Nditangolumikiza, invata yake inayamba kulira ngati kamwana kankhuku. Anachita kuzimitsa makina a fotokope kuti ine ndimalize, makasitomala awiri atakhala pabenchi akundiyang'ana mwaukali. Mafani nawo anali atakwiya, phokoso ngati ndege ikunyamuka, mpaka mayi wina anafunsa ngati sichiphulika. Nditasuzumira kunsi ndinaona fumbi lamatirira pa timabowo topumira. Mlandu ndi wanga, ndatha miyezi osapukuta, ndipo nthawi zina ndimaigwiritsira ntchito pabulangete, chinthu chimene ndimaletsa ena. Ndinaitukula kumbuyo ndi zivindikiro ziwiri za mabotolo kuti mpweya uzilowa, phokoso linachepako. Vidiyo inatha 1 koloko itadutsa. Mnzangayo ndamulipira ndi chipisi ndi kapu ya khofi.

Magetsi abwera madzulo, mwana wa mlongo wanga atafika kale kuchokera kusukulu, atakhala pakhonde ndi padi yosewerera gemu m'manja. Gemu yathu ya mpira iye amangoti FIFA mpaka lero, ngakhale dzinalo linasintha mu 2023 kukhala EA Sports FC. Gemu inafuna kudzikonza kaye pa intaneti, ine nditaona kukula kwake ndinazimitsa data msangamsanga. Bandulo yanga ndi yotumizira ntchito, zimenezo zidikire pakati pausiku. Tasewera choncho osalumikiza.

Wandichinya 4 kwa 1, ine Liverpool iye Arsenal. Kenako funso lake la masiku onse: "Amalume, nanga Moyale Barracks bwanji mulibemo?" Ndamuuza kuti ligi yathu sanaiikemo, iye akuti ndiye tipange tokha osewerawo mmodzimmodzi. Ndavomera, koma Lamlungu.

Pano ndi 10 koloko usiku, iye wagona pampando. Mita ikusonyeza kuti mayunitsi atsala 6, ndipo eni ukwati atumiza uthenga kuti dzina la ankhoswe ndalilemba molakwika. Ndiye kuti mawa vidiyo yonse ndiyambiranso kuitulutsa, magetsi akakhalapo.