Timu ya kumpoto ikufuna mphwanga

Loweruka. Zonse zimene ndinakonza kuchita lero zinaima chifukwa cha mphwanga, mwana wa achemwali anga a ku Chilomoni. Anafika m'mamawa ndisanamwe n'tiyi yemwe, foni ili m'manja. Kochi wa timu ina ya mu Super League, ya kumpoto kwenikweni, wakhala akumuimbira sabata yonseyi, akumufuna msika wa osewera usanatsekedwe. Mnyamatayu amasewera pakati m'timu ya ligi yaing'ono ya chigawo cha kumwera, ndipo mwendo wake wamanzere ndi wodalirika.

“Amalume, amayi akukana. Akuti n'kutali.”

Tinakwera minibasi limodzi. Achemwali tinawapeza akuchapa pakhonde, ndipo nditayamba nkhani sanadzutse n'komwe mutu. “Achimwene, mwanayu akakadwala kumeneko ndidzayenda bwanji? Kukagwa maliro kuno adzafika titaika kale.” Ndinakhala chete, chifukwa sananame. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu ndi ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Ukatero utsike mapiri a Chiweta kuti ukafike ku Karonga, ndipo wopita ku Chitipa amakhala atatsala ndi makilomita ena pafupifupi 100. Ukawonkhetsa zonse, mtunda wa Blantyre ndi Chitipa ukuyandikira makilomita 1,000.

Ndipo ulendowu si wa tsiku lokasaina lokha. Matimu ambiri a mu ligiyi ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, choncho wosewera wa Karonga United kapena Chitipa United amakhalira pamsewu chaka chonse. Amafika miyendo itatupa, mawa lake n'kulowa m'bwalo, ndipo nthawi zina amasewera magemu awiri pa ulendo umodzi pofuna kupulumutsa ndalama za mafuta ndi malo ogona. A Chitipa United kwa zaka zingapo ngakhale magemu a pakhomo ankakasewerera pa Karonga Stadium. Mnyamata amene ali ndi mwayi wosankha amaziwerengera zonsezi asanagwire cholembera.

Masana ndinapita kukameta, mutu uli wolemera. Wometa wathu ndi wa Manoma, timu ya Wanderers, mpaka m'magazi, ndipo nditamufotokozera anaimitsa makina. Iye akuti za mtunda n'zongonamizira, vuto ndi thumba. Anandifunsa kuti bwanji Moyale Barracks ya ku Mzuzu imapeza anyamata ochokera m'zigawo zonse? Yankho tonse timalidziwa: kumeneko wosewera amayembekezera ntchito ya usilikali, malipiro a mwezi ndi mwezi, komanso penshoni mpira ukadzatha. N'chimodzimodzi MAFCO ku Salima, kapena Kamuzu Barracks imene inatenga ligi mu 2016. Munthu akalonjezedwa tsogolo, safunsa kuti basi imatenga maola angati. Mnyamata wina amene ankadikira kumeta analowererapo ndi nkhani ya Bodø/Glimt, timu ya kumpoto kozizira kwa Norway imene inatenga ligi yakwawo mu 2020 ndi 2021, n'kukwapula Roma 6-1. Zoona, koma anzathuwo amauluka pandege ndipo malipiro sachedwa.

Ndikugwirizana naye wometayo, koma osati pa zonse. Pali chinthu china chimene mtunda umalanda ngakhale ndalama zitakhalapo, ndicho maso a anthu. Bullets ili ndi banki kumbuyo kwake, Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Wanderers nayo ili ndi oithandiza a mphamvu, koma anyamata sathamangira malipiro okha. Amadziwa kuti pa Kamuzu Stadium ndi pa Bingu National Stadium m'pamene pamadzaza atolankhani, makamera ndi anthu ofunafuna osewera. Ambiri amakhulupirira kuti njira yopita ku Flames kapena ku South Africa imadzera pamenepo. N'chifukwa chake mnyamata amalolera kukhala pabenchi ku Blantyre chaka chathunthu m'malo mokasewera gemu iliyonse ku Karonga.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti msewu womwewo ndi wotsetsereka kulowera kumwera. Matimu a kumpoto amatola ana m'mabwalo a fumbi, kuwaphunzitsa, kuwapatsa mpata. Mwana akangowala chaka chimodzi, matimu akuluakulu amabwera n'kumunyamula, otsalawo n'kuyambanso pachiyambi. Kugula n'kovuta, kusunga n'kovutirapo. Komabe ukaona mmene anthu amadzazira pa Karonga Stadium dzuwa likuswa mtengo, umadziwa kuti mpira wa dziko lino sungakhale wa mizinda iwiri yokha.

Madzulo ndinabwerera ku Chilomoni. Ndinawauza achemwali maganizo anga mosabisa: mwanayu apite. Pa msinkhu wake chofunika ndi kusewera, ndipo timu ya kumpoto ikabwera kuno kudzakumana ndi Bullets, makamera aja adzamuona ali m'bwalo, osati atavala bibu ya osewera a pabenchi. Ku Karonga ndi ku Chitipa kuli anthu ngati ife. Adzadya mbalagha ndi mpunga wa kilombero, adzaphunzira moni wa Chinkhonde kapena Chilambya, adzakula.

Achemwali sanavomere, komanso sanakanenso ngati m'mawa muja. Anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti akufuna kumva okha kuchokera pakamwa pa akuluakulu a timuyo kuti mwana wawo azikagona kuti, azikadya chiyani, ndiponso akavulala bondo adzalipira chipatala ndani. Ine ndinawonjezapo kuti ndalama yosainira, malipiro a pamwezi ndi mabonasi zilembedwe mu kontilakiti, kuphatikizapo ya basi yobwerera kuno ligi ikapuma. Tagwirizana kuti Lolemba madzulo tiwaimbire tonse atatu, ndipo mphwanga asasaine kanthu ndisanawerenge pepalalo.