Lachitatu ku Makata: mabowo anayi akana bawuti

Kwacha ndi chiperoni, phiri la Ndirande osaoneka n'komwe. Ndafika ku Makata, dera la mafakitale mu Blantyre, cha m'ma 7 koloko, ndapeza anyamata atakweza kale mtanda wachitatu wa denga la nyumba yosungiramo katundu yomwe tikumanga. Mabawuti athu ndi a M20, kutanthauza onenepa 20 mm, ndipo mabowo tinaboola ku shopu ndi a 22 mm, chifukwa bawuti ya M16 mpaka M24 imapatsidwa mpata wa 2 mm.

Pa mzati wakumapeto ndiye pavuta. Mwa mabowo 8, anayi alowa bwinobwino, anayi akana. Tayesa kukoka ndi drift, kachitsulo kosongoka kolunzanitsira mabowo, osatheka. Nditakwera n'kuyeza, ndapeza kuti mabowo a pa mzati ndi a pa mtanda asemphana ndi 2.5 mm. Tinaphonya poika chizindikiro ku shopu, ndipo zandiwawa chifukwa amene ndinavomereza plate imeneyo ndine.

Mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine wafuula ali pansi: "Madala, ndibweretse gasi tingokuza?"

Ndamukaniza. Ambiri m'tauni muno amatero, ndipo denga limaima ndithu, koma moto umasiya bowo lokumbikakumbika, m'mphepete mwake mutauma gwa. Bawuti m'malo mogona pa chitsulo chosalala imatsamira pa kansonga kamodzi. Akaika washer zonse zimabisika, mwini nyumba osadziwa kanthu. Ine pansi pa denga lotero sindingalole mwana wanga kugwirapo ntchito.

Ndaimbira a injiniya. Afunsa kuti kuchoka pakati pa bowo kufika m'mphepete mwa plate pali mamilimita angati, awerengera, kenako avomera kuti mabowo anayiwo tikuze afike 26 mm, tiikemo M24. Kukuza bowo pa chitsulo chonyamula denga si chinthu choti munthu ungoganiza wekha uli pamwamba, chifukwa ukadya kwambiri, chotsala m'mphepete chimachepa ndipo chingang'ambike.

Ndamutuma mnyamata uja kukatenga reamer, chida chokuzira ndi kusalazira bowo, m'bokosi, wabwera ndi yamanja ya 20 mm H7, ija ya mutu wa makona anayi. Sindinamukalipire, ndi mmene amaphunzirira. Ndamufotokozera kuti imeneyo ndi ya ntchito yosalala, monga bowo la pini kapena bush, ndipo H7 imatanthauza kuti bowo la 20 mm limaloledwa kupitirira ndi 0.021 mm basi. Umayamba waboola n'kusiya 0.2 kapena 0.3 mm, iyo n'kungopala kotsalako. Kuilowetsa m'mabowo osemphana n'kuipha tsiku lomwelo. Yofunika lero inali bridge reamer, yaitali, yowonda kunsonga n'kumanenepa pang'onopang'ono. Nsongayo imapeza yokha kampata pakati pa ma plate awiri, kenako mano amadya mbali zonse mpaka bowo likhale limodzi lozungulira. Yanga ndi ya HSS, chitsulo cholimba chodulira zitsulo zina, mizere yake yopotana, ndiye tizidutswa ta chitsulo imatikankhira kutsogolo m'malo moti tizitsekera m'bowomo.

Tamangitsa kaye mabawuti anayi abwino aja kuti ma plate asasunthe, n'kumata magnetic drill, makina oboolera ogwira chitsulo ndi maginito, pa mzati, n'kuimangiriranso ndi tcheni. Magetsi akangothima maginito amasiya, makina n'kugwera munthu pamutu. Liwiro ndatsitsa, chifukwa reamer imafuna kuzungulira pafupifupi theka la mmene drill imazungulirira, koma dzanja lizikankha mosadukiza. Ukaichita mantha n'kumangoikhudzitsa, imakhula m'malo modula, imatentha n'kubuntha. Oilo wodulira osamana.

Bowo loyamba ndi lachiwiri ndachita ndekha. Lachitatu ndamupatsa iye. Pakatikati reamer yagwira, ndipo ndaona chala chake chikupita pa batani lobweza m'mbuyo.

"Iwe, usayerekeze!"

Wadzidzimuka. Ndamuonetsa dzino limodzi pa kuwala: kuseri kwa mpeni wake kuli kotsetsereka, ndiye ukaizunguza chobwerera, tizidutswa timapanikizika pamenepo n'kubenthula mano. Kaya yamanja kaya ya makina, reamer imalowa n'kutuluka ikuzungulira mbali imodzimodzi. Taitulutsa mofatsa, tachotsa zinyenyeswa ndi burashi, tathira oilo, iye wamaliza yekha. Lachinayi wachita osandifunsa kanthu, ndipo masana nditabwera ndi ma M24, bawuti yalowa ndi dzanja, hamala osaigwira n'komwe.

Mabawuti a M24 a giredi 8.8 ndinalibe, ndiye masana ndathamangira ku Ginnery Corner. Anayi okha, koma mtengo wake wandiumitsa pakamwa. Pobwerera ndadya nsima ya usipa pa kanyumba ka mayi wina pafupi ndi geti.

Tisanaweruke ndapukuta reamer ija, ndaipaka oilo n'kuibwezera m'chipaipi chake cha pulasitiki kuti mano asagundane ndi masipanala. Mawa ndiyamba ndadzera ku shopu, ndikayezenso ma plate a mitanda 5 yotsalayo isanakwere lole.