Siponji ya pakhoma la galaja yagwira tsopano, koma popanda guluu

Mbali ya dalaivala yatha. Chitseko cha galimoto chikumafika pa siponji yoteteza imene ndaika pakhoma n'kuima mwakachetechete, ndipo siponjiyo ndaikoka ndi manja onse awiri koma yakana kusuntha. Anzanga amene muli ndi galaja yopanikiza ngati yanga, ndati ndilembe nkhaniyi mutu udakali wotentha, chifukwa gawo limene ndinkaliyesa lachibwana, lomata siponji pakhoma, ndi lomwe landidyera masiku.

Galaja yanga mkati mwake ndi mamita 2.7 m'lifupi, galimoto ndi ya mamita 1.75 osawerengera magalasi a m'mbali. Ndikaikankhira mbali inayo kuti ndipeze potulukira, kwanga kuno kumatsala masentimita ngati 60, pomwe chitseko chakutsogolo n'chotalika kupitirira pang'ono mita imodzi. Choipa n'chakuti khoma limapezeka pakati pa malo awiri amene door check, kachitsulo koimitsa chitseko chikamatsegulidwa, imagwira chitseko. Chikadutsa poima poyamba chimayamba kudzikokera poima pachiwiri, ndiye ukangochisiya kuti utenge chikwama, chimakamenya chokha. Penti ya galimoto, kuwerengera zonse kuyambira puraima mpaka kiliya, vanishi wowala wapamwamba uja, imakhala mamilimita 0.1 mpaka 0.15 basi, ngati pepala limodzi lolembera. M'mphepete mwa chitseko, pomwe lata lakunja limapindidwira pa chitsulo chamkati, imachepa kuposa pamenepo. Ikabanthuka apo chitsulo chimakhala pamtunda, dzimbiri n'kuyamba kulowa mumpindirowo, komwe sandipepa safika.

Kupeza pomwe chitseko chimakhudza khoma sikunavute. Ndinamata masking tape m'mphepete mwa chitseko, kuipaka choko chambiri, n'kutsegula pang'onopang'ono mpaka chitagunda. Chizindikiro chinatsala m'munsi mwa chigwiriro, pamzere umene thupi la chitseko limatukumuka, osati pachigwiriro pomwe ambiri timaganizira. Ndinayezanso buti itadzaza katundu ndi anthu atakhala kumbuyo, ndipo choko chinatsika ndi masentimita angapo chifukwa masipiring'i anali ataphwa. N'chifukwa chake siponji imodzi yopingasa siikwanira. Pamafunika lamba wa masentimita 15 mpaka 20 kuchoka pansi kupita m'mwamba.

Ndinasankha ma pool noodle, siponji zazitali zija ana amaphunzirira kusambira. Imodzi imakhala masentimita pafupifupi 6 kunenepa kwake, ili ndi bowo pakati, ndipo ukaing'amba pakati m'litali ndi mpeni wakuthwa umapeza zidutswa ziwiri zokhala bwino pamalo osalala. Siimwa madzi, siisiya chizindikiro pa penti. Mpaka apa zonse zinali bwino.

Tepi yomata mbali zonse ndiyo inayamba. Usiku inagwira, m'mawa siponji ndinaipeza pansi pafupi ndi tayala. Nditaitembenuza, tepi inali yoyera mbuu ndi fumbi la pakhoma. Penti ya mkati mwa galaja ndi yakale, ukaisisita ndi chikhatho dzanja limayera, ndiye tepiyo inali itagwira ufa wokhawokha. Ndinakwecha khoma ndi burashi yawaya, kupukuta ndi nsanza yonyowa, kudikira liume, n'kupaka kontakiti guluu mbali zonse ziwiri monga mwa malamulo ake, kudikira ayambe kunanda kenako kukanikiza. Ulendo uno khoma linagwira bwino kwambiri moti mpaka lero pali mzere wachikasu umene wakana kuchoka. Koma siponji inasendeka yokha, yoyera ngati yatsopano, guluu yense atatsala kukhoma. Silikoni anachita chimodzimodzi. Mfuti ya guluu wotentha inandipatsa chiyembekezo chifukwa imasungunula siponji pang'ono n'kulowerera, koma guluuyo amazizira msanga akakhudza simenti, ndipo pomwe ndinachulutsa anaboola siponji.

Vuto ndi pulasitiki yake. Ma pool noodle amapangidwa ndi polyethylene, ndipo polyethylene salola guluu kuyanga pamwamba pake. Madzi pa iyo amangounjikana timadontho, guluu naye amachita zomwezo, amauma atangokhala pamwamba osalumana nayo. Mabotolo ambiri a supa guluu amapangidwa ndi pulasitiki yomweyi n'cholinga choti guluu asamatirire m'botolo. Ndiye panali adani awiri nthawi imodzi, khoma lofumbutuka kumbuyo ndi siponji yoterera kutsogolo, ndipo ukagonjetsa mmodzi winayo amakudikira. Wina anandilozera tepi yamphamvu yomata mbali zonse ya VHB, ya kampani ya 3M, yomwe yakhala ikupangidwa kuyambira 1980 ndipo ili ndi mitundu ina yopangidwira mapulasitiki ovuta ngati awa. Pamalo osalala otsukidwa ndi isopropyl alcohol, n'kuisiya maola 72 kuti ilimbe, ndi tepi yodalirika. Pulasitala wanga wamanyanya si malo otero, ndiye sindinaigule n'komwe.

Chomwe chathetsa mlandu ndi kachidutswa ka pulayiwudi ka mamilimita 9, kotalika mamita 1.2, masentimita 20 m'lifupi. Pathabwapo ndinayala zidutswa zitatu za siponji zogundizana, n'kuzimanga ndi ma cable tie, timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya tija, odutsa m'mabowo amene ndinaboola pakati pa mizereyo. Kanthu kamene kandisangalatsa ndi aka: cable tie ukaikoka mwamphamvu imalowa m'siponji n'kupanga kachiuno, ndiye pulasitiki yolimbayo imakhala pansi kwambiri, chitseko chimangokhudza zofewa zotukumuka mbali ndi mbali. Mitu yake ndinaibisa m'mabowo a mamilimita 10 m'thabwa momwemo kuti thabwa ligone pakhoma osasiya mpata. Kenako biti ya simenti ya mamilimita 6, mapulagi a pulasitiki, masikuluwu a mamilimita 50 olowetsedwa mpaka mutu utamira m'thabwa. Sikuluwu iliyonse ili m'ngalande ya pakati pa siponji ziwiri. Zonse pamodzi zatenga masentimita 4 a malo anga otulukira, zomwe m'galaja yotere zimamveka ndithu m'chiuno, koma ndazilola.

Poboola, levulo inandiuza kuti bowo limodzi ligwere pamzere woongoka pamwamba pa soketi. Mawaya okwiriridwa m'khoma nthawi zambiri amayenda molunjika kukwera kapena kutsika kuchokera pa soketi ndi pa switchi, ndiye bowolo ndinalisunthira pambali. Lina linagwera pamatope a pakati pa njerwa, pulagi n'kumangozungulira. Ilo ndinalisiya n'kuboola pa njerwa yeniyeni.

Ena mundifunsa za labala wa tayala lakale kapena lamba wa konveya, popeza ndi zomwe zimapezeka mosavuta. Ndinaikapo chidutswa cha tayala pa nsanamira ya geti kalekale. Chimateteza ndithu, koma pa galimoto yoyera chimasiya mizere yakuda imene imafuna polishi, ndipo ngati ndi tayala la radial, timawaya ta chitsulo timatulukira pomwe wadula. Kapeti ndimaikana. Imamwa madzi a mvula ochokera pachitseko, imasunga mchenga m'maubweya ake, ndipo pakapita nthawi umakhala ukukhutiza kiliya wa galimoto yako pa mchenga tsiku ndi tsiku. Polystyrene woyera wa m'makatoni a firiji ndi TV amanyenyeka, ndipo kontakiti guluu kapena dontho la petulo zimamusungunula pomwepo. Chimene ndingachiganizire mofatsa ndi mamati a siponji ya EVA aja olumikizana ngati mano, a masentimita 60 mbali zonse. Iwowa kontakiti guluu amawagwira bwino, ndi opyapyala, ndipo limodzi limaphimba malo aakulu. Kwa amene khoma lawo ndi losalala ndi penti yolimba, mwina njira yachidule ndi imeneyo.

Siponji yabwino kwambiri imene ndaionapo siinachokere kogula zoseweretsa ana. Ndi yakuda ija yokutira mapaipi, imene amisiri oika ma air conditioner amatsala nayo zidutswa. Ndi labala wofewa, imabwerera msanga ikakanikizidwa, ndipo amisiriwa ali ndi guluu wakewake woimatira. Amisiri osoka mipando ya galimoto nawonso amakhala ndi mulu wa zotsalira, ngakhale siponji yawo yachikasu imamwa madzi ndipo imafuna kukutidwa ndi rekiseni. Ndimakonda kucheza nawo anthu amenewa chifukwa amakuuza mosabisa kuti ichi chitha msanga, ichi chikhalitsa.

Thabwa la mamita 1.2 limagwira ntchito pokhapokha galimoto ikuima pamalo omwewo nthawi zonse. Apa ndathandizidwa ndi ntchito yanga yakale ya mpira wa tenisi wolendewera kudenga, umene umakhudza galasi lakutsogolo galimoto ikafika poyenera. Chingwe cha nayiloni chinali chitatamuka moti mpira unatsika n'kumakhudza msanga, ndiye ndasintha n'kuika waya wopyapyala wokutidwa pulasitiki. Thabwa ndaliika potengera malo atsopanowo.

Chitseko chakumbuyo ndi nkhani ina. M'mphepete mwake ndi mokhota kutsata tayala, choko chake chagwera pamwamba komanso kumbuyo kwambiri kuposa chakutsogolo, ndiye chifuna thabwa lakelake. Mbali inayo kuli nsanamira yotulukira m'khoma imene ngodya yake ikufuna siponji yosang'ambidwa pawiri, yongochekedwa mbali imodzi kuti ilume ngodyayo. Palinso timabala tiwiri pachitseko tofuna touch-up, nambala ya mtundu wa penti ndaiona kale pa sitika ya pafelemu ya chitseko. Koma mutu wanga uli pa Arduino, kakompyuta kakang'ono koyendetsera zipangizo, ndi sensa yoyeza mtunda ya HC-SR04 zomwe zili m'dirowa. Sensayo imayeza kuyambira masentimita 2 mpaka mamita 4, ndiye ndikuganiza zoika imodzi kutsogolo ndi ziwiri m'mbali, ndi magetsi a LED obiriwira ndi ofiira, kuti izindiuza ngati ndalowa mokhota ndisanazimitse injini. Zikatheka zimenezo mpira wa tenisi upumitsidwe. Kenako mwina ndipale khoma lonse, ndilipakenso penti yeniyeni, ndipo ngati ndachotsa kale zonse m'galaja, pansi napo pangolowa penti yolimba ya epoxy.