Kabatire ka wotchi kanandilanda uinjiniya ku Senga Bay

Amalume anga ali ndi kaloji ku Senga Bay, zipinda zochepa ndi khonde loyang'ana kunyanja. Webusaiti ya malowa ndinawakonzera ndine, ndipo chiyambire pamenepo, kaya pamaliro kaya paukwati, amandiloza n'kumauza anthu kuti, "Uyu ndi injiniya wathu." Uinjiniyawo ndinauphunzira pa YouTube, koma sindinawatsutsepo.

Hosting (malo osungirapo webusaiti pa intaneti) imene anavomera kulipira ndi yotchipitsitsa, yopanda AutoSSL imene imaika yokha satifiketi, choncho satifiketi ya chitetezo, ija imachititsa kuti adiresi iyambe ndi https, ndimaika pamanja. Ndimatenga ya bungwe la Let's Encrypt chifukwa ndi yaulere, kungoti imatha pakapita masiku 90. Ndimatsegula Certbot, pulogalamu yopemphera satifiketi, pa laputopu, imandipatsa zilembo zosokonekera zoti ndikaike mu DNS (kaundula wa mayina a mawebusaiti) ngati TXT pa dzina la _acme-challenge, kuti a Let's Encrypt atsimikize kuti domeni, dzina la webusaitiyo, ndi yathudi. Zikatheka ndimakopera zinthu zitatu m'mabokosi atatu a mu cPanel, tsamba loyendetsera hosting: satifiketi, private key (kiyi wake wachinsinsi) ndi CA bundle (masatifiketi oikira umboni yathuyo). Ukasiya kamzere kamodzi mwa timizere 5 ta pa BEGIN CERTIFICATE, imakana. Ukaiwala bundle, mafoni ena amatsegula bwinobwino, ena amadandaula.

Mwezi wa October, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, ndinali nditangoika yatsopano. Lachitatu foni inalira.

"Iwe, bwera msanga. Chinthu chako chija chikuthamangitsa alendo."

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto pa Kamuzu Road, laputopu kumsana. Nditafika, amalume anandikokera pa kompyuta yakalekale ya pa risepishoni. Webusaiti sinkatseguka, panali chenjezo. Ine zilembo zikuluzikulu za pamwamba sindinataye nazo nthawi, zimenezo ndi za anthu wamba. Katswiri amawerenga tating'ono ta pansi: NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Vuto ndi deti. Ndinagwedeza mutu mwaukadaulo n'kunena kuti seva, kompyuta imene imasunga webusaiti, ikutulutsabe satifiketi yakale yotha ntchito ija.

Pa laputopu yanga tsamba linkatseguka popanda chovuta, koma ndinati imeneyo ndi cache chabe, tsamba lakale limene laputopu inasunga, ikundinamiza. Amalume nawo sakhulupirira makina amene sanagule okha.

Ndiye ndinayamba. Kupempha satifiketi ina, kudikira DNS, kukopera, kumata, kuthamangira pa risepishoni: chenjezo lili pompo. Kupemphanso. Ndinawerenga timizere ndi chala ngati mayi wosankha miyala mu mpunga wa ku Lifuwu. Penapake ndinamata satifiketi yatsopano ndi key yakale, cPanel n'kundiuza kuti ziwirizi sizikudziwana. Magetsi anazima, jenereta inalira, thukuta linafika m'masokosi. Azakhali anabweretsa nsima ya chambo, inazizira pambali. Amalume ankangodutsa manja kumbuyo.

"Zikutheka?"

"Zatsala pang'ono, amalume."

Usiku utakula mlonda anabwera kudzasuzumira pazenera, n'kundifunsa ngati akuba a pa intaneti amabwera ndi zikwanje, kuti akonzekere.

Cha m'ma 2 koloko ndinapsa mtima n'kuganiza zoyamba mwatsopano. Ndinafufuta zonse, masatifiketi ndi ma key, za mu laputopu ndi za mu cPanel momwe. Kenaka ndinapempha ina. Certbot inayankha mwaulemu kuti ndapyola malire. Let's Encrypt salola munthu kutenga masatifiketi oposa 5 a mayina a webusaiti omwewomwewo m'masiku 7. Lamuloli ndinkalidziwa, koma ndinkaliyesa la anthu osokonezeka mutu.

Apa tsopano webusaiti inafadi. Madzulo onse aja inali bwino kwa aliyense, kaya ku Lilongwe kaya ku Johannesburg, kupatula pa kompyuta imodzi. Tsopano ndi laputopu yanga yomwe inayamba kuchenjeza.

M'mawa ndinali pomwepo, maso ofiira, pamene kamdzukulu ka amalume, ka Sitandade 7, kanabwera kudzatenga ndalama ya mandasi. Kanaima kumbuyo kwanga n'kuwerenga mokweza, mmene amawerengera m'kalasi: "Your clock is behind." Kenaka kanaloza pakona ya sikirini.

"Ankolo, bwanji kompyutayi ikuti tili mu January 2009?"

Mkati mwa kompyuta za patebulo muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazima. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima wotchi imabwerera kumbuyo zaka zambiri. Satifiketi iliyonse imakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye kwa kompyuta imene ikukhala mu 2009, satifiketi yanga inali isanabadwe. Mu 2009 ndi Let's Encrypt yemwe kunalibe, anayamba kupereka masatifiketi mu 2015.

Mtsikana wa pa risepishoni anatsokomola pang'ono.

"Achimwene, Facebook nayonso yakhala ikukana chiyambire Lolemba."

"Nanga osanena bwanji, chemwali?"

Anayang'ana amalume, kenaka pansi. Bwana analetsa Facebook nthawi ya ntchito.

Amalume anatuma mnyamata kukaitana bambo wina wokonza mawotchi pamsika. Anabwera ndi kabokosi kake, anatsegula kompyuta, anasintha kabatire, ndipo asanamalize Fanta imene anamupatsa, deti inali itakhala m'malo. Ine ndili pakona, ndinakumbukira kuti malire aja amawerengera mndandanda wa mayina ofanana ndendende. Ndinawonjezera dzina lina la subdomain, nthambi ya dzina la webusaiti yathu, pa pempho langa, satifiketi inatuluka, ndinamata mabokosi atatu aja manja akunjenjemera. Mwatsoka, tsamba linatseguka pa risepishoni nthawi yomweyo imene bamboyo ankamanga sikuluwu yomaliza.

Amalume anawomba m'manja. Anamulipira bamboyo, anamuwonjezera chambo chiwiri, n'kumuperekeza mpaka pageti. Ine anandipatsa ya kabaza yokha, osati yobwerera ndi yopita, ya ulendo umodzi.

Masiku 90 atakwana satifiketi inathadi, ulendo uno zenizeni. Amalume sanandiimbire. Anaimbira wa mawotchi uja, ndipo iye anasintha kabatire kena, n'kulandira chambo china. Madzulo ake wa mawotchiyo ndi amene anandipeza pa WhatsApp: "Achimwene, ndasintha koma chikukanabe. Kodi tsiku lija munkadina pati?"