Laputopu ya ku akaunti ndi kebulo ya m'denga

Ndimasamalira makompyuta pa ofesi ya bungwe lina la alimi ku Mchinji boma, ndipo mwezi wa Juni ntchito imatichulukira chifukwa ndi nyengo yogula mtedza ndi soya kwa mamembala athu. Lolemba m'mawa, ndisanakhale n'komwe pampando, mayi amene amasunga mabuku a ndalama anandiitana. "Achimwene, laputopu yanga ikuyenda ngati bilimankhwe, pamene alimi ali panja kudikira ndalama zawo," anatero. Tsamba la banki limene amalipirirapo alimi linkachedwa kutseguka, ndipo nthawi zina linkaduka iwo ali mkati molemba manambala.

Anthu onse mu ofesi anali ataweruza kale kuti wolakwa ndi kampani imene imatipatsa intaneti. Sindinafulumire kuwatsutsa, popeza netiweki imavutadi kuno nthawi zina, koma ndinaona kuti makompyuta atatu a m'chipinda chakutsogolo, olumikizidwa ku rauta yomweyo (kabokosi kamene kamagawa intaneti mu ofesi), ankayenda bwinobwino. Laputopu ya mayiwa siidalira Wi-Fi. Ili ndi kebulo yake yochokera pakhoma, ndipo tinachita zimenezi dala chifukwa chipinda chawo chili kumapeto kwa nyumba, kuseri kwa nkhokwe yosungiramo matumba, kumene Wi-Fi safika ndi mphamvu. Nditatsegula Task Manager, imene imaonetsa zimene zikugwira ntchito mu kompyuta, ndinapeza kuti mapulogalamu a Windows Update ndi OneDrive akudya intaneti mwakachetechete, choncho ndinawaimitsa, zinthu zinaoneka ngati zasintha pang'ono, ndipo madzulo ndinaweruka ndili ndi chikhulupiriro chakuti vutolo latha.

Lachiwiri vuto linali pomwepo. Ndinasiya kuyang'ana mapulogalamu ndi kuyamba kuyesa njira yeniyeni imene uthenga umadutsamo. Ndinatumiza ping, kauthenga koyesera kamene kamayembekezera yankho, kupita ku rauta yathu, imene ili m'nyumba yomweyo. Pa kebulo yabwinobwino yankho limabwera mkati mwa 1 ms (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi) kapena pafupi pamenepo, ndipo silisowa. Apa mizere ingapo inkabwera bwino, kenaka "Request timed out", kutanthauza kuti yankho silinabwere, kenaka bwino, kenaka kusowanso. Uthenga unkatayika usanatuluke n'komwe pageti pathu, ndiye panalibe chifukwa choimbira foni kampani ija. Ndinaonanso kuti laputopuyo inalumikizika pa liwiro la 100 Mbps pamene makompyuta akutsogolo ankaonetsa 1.0 Gbps, liwiro loposa pamenepo kakhumi.

Nambala imeneyi inandiuza zambiri. Mkati mwa kebulo ya netiweki muli timawaya 8 topotedwa tiwiritiwiri. Kuti kompyuta iyende pa 1 Gbps pamafunika magulu onse anayi, koma pa 100 Mbps magulu awiri okha amakwanira, ndipo makompyuta ambiri akaona kuti gulu lina laduka amatsika okha pa liwiro lochepalo osadandaula. Komabe 100 Mbps payokha sinali chifukwa cha kuchedwako, popeza intaneti imene ofesi yathu imalipira siifika n'komwe pamenepo. Chimene chinkapha ntchito ndi uthenga wotayika uja, chifukwa kachidutswa kalikonse kakasowa kompyuta imadikira, imakatumizanso, ndipo imachepetsa liwiro poganiza kuti njira yadzaza.

Ndinasintha kebulo yaifupi ya pakati pa khoma ndi laputopu, koma palibe chinasintha. Kenaka ndinanyamula laputopuyo kupita nayo kutsogolo ndi kuilumikiza mwachindunji pa switch, kabokosi kamene makebulo a makompyuta amakumanapo. Nthawi yomweyo inaonetsa 1.0 Gbps ndipo tsamba la banki linatseguka mosavuta. Abwana anali atayamba kale kufunsa mtengo wa laputopu yatsopano, ndipo ndinawapempha mwaulemu kuti adikire, chifukwa zikanandipweteka kuona ndalama za alimi zikugula chinthu chimene sichinawonongeke. Mayi aja anasamukira kaye pa katebulo kakang'ono kutsogoloko, ngakhale sanasangalale kuwerengera ndalama pamalo podutsa anthu, ndipo ndinawamvetsa.

Lachitatu magetsi anazima pafupifupi tsiku lonse. Ndinapita ku Kamwendo kukakonza pulinta ya malisiti pa depoti yathu, ndipo pobwerera ndinalandira chipangizo choyesera makebulo chimene mnzanga wa ku Lilongwe ananditumizira pa minibasi.

Chipangizochi chili ndi mbali ziwiri, ina imaikidwa kumapeto kwina kwa kebulo, ina kumapeto kwinako, ndipo timagetsi 8 timayaka motsatizana. Lachinayi m'mawa ndinachilumikiza pakhoma la ku akaunti. Kagetsi ka 7 ndi ka 8 sitinayake konse, pamene ka 3 kankayaka ulendo wina, ulendo wina ayi. Izi zinatanthauza kuti gulu la timawaya ta bulauni (7 ndi 8) linali litadukiratu, ndipo gulu lobiriwira (mmene muli ka 3), limene ndi limodzi mwa awiri amene 100 Mbps imadalira, linkangogwira mwa apo ndi apo.

Bambo amene amalondera pageti anandigwirira makwerero ndipo ndinalowa m'denga ndi tochi. Kebuloyo inangogonekedwa pamwamba pa matabwa popanda paipi iliyonse. Nditakwawa mpaka pamwamba pa nkhokwe, ndinapeza makoko a mtedza ataunjikana pakona, ndowe za makoswe zili mbwee, ndipo pambali pake chikopa cha kebulo chinali chitatafunidwa kutalika ngati chala changa. Timawaya tiwiri tinali titalekana, kena kanatsala ndi kamkuwa kopyapyala ngati tsitsi. Nditatsika ndi kuwaonetsa chithunzi pafoni, bambo aja anandifunsa kuti, "Bwanji osangolumikiza ndi kumanga ndi tepi, monga timachitira ndi waya wa magetsi?" Funsoli linali lanzeru, ndipo ndinawafotokozera kuti kupotana kwa timawayato n'kumene kumateteza uthenga ku zosokoneza zochokera kunja, kotero kuti ukatimasula ndi kutimanga pamanja, kebulo imatha kuyaka koma uthenga n'kumatayikabe. Ndikadachita zimenezo, ndikadabweza vuto lomwelo m'denga mmene palibe amene amayang'anamo.

Lachisanu tinagula kebulo yatsopano ya netiweki ya mtundu wa Cat6 ndi mapaipi a pulasitiki. Mtunda wake unali wochepera kwambiri pa mamita 100, amene ndiwo malire a kebulo yotereyi, choncho panalibe nkhawa ya kutalika. Ndinaidutsitsa m'paipi kuyambira kutsogolo mpaka ku akaunti, ndipo popana mitu yake ndinatsata dongosolo loyalira timawaya lotchedwa T568B mbali zonse ziwiri: choyera cha lalanje, lalanje, choyera chobiriwira, buluu, choyera cha buluu, chobiriwira, choyera cha bulauni, bulauni. Mutu woyamba ndinaudula ndi kupananso chifukwa kawaya kamodzi sikanafike kumapeto. Ulendo wachiwiri timagetsi tonse 8 tinayaka motsatizana, ndipo ping inayenda mphindi khumi osataya mzere ngakhale umodzi.

Mayi aja anabwerera m'chipinda chawo nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo pofika 3 koloko alimi amene anatsalira anali atalandira mauthenga a ndalama zawo pafoni. Ndisanaweruke ndinalembera abwana kalata yopempha mapaipi ena, chifukwa m'denga muja ndinaonamo makebulo ena awiri, wa pulinta ndi wa kamera ya pageti, atagona pamatabwa omwewo pafupi ndi makoko a mtedza. Bambo a pageti avomera kudzandigwiriranso makwerero Lolemba.